Mmene mungadziwire ngati khalidwe la munthu linachokera ku zowawa za paubwana

Mkazi akapita kwa ankhoswe kukadandaula kuti mwamuna wake amalusa ndi kanthu kakang'onong'ono, yankho silichedwa: "Ndi mmene anabadwira, kwawo onse ndi a mtima wapachala." Mwana akamabisa mbatata m'thumba la yunifolomu, kusukulu amati ndi wakuba. Mtsikana wosakana chilichonse chimene wauzidwa timamutama kuti ndi waulemu. Mayankho amenewa nthawi zina amalondola, koma kawirikawiri amatseka nkhani isanayambe n'komwe. Malangizo otsatirawa ndi a anthu amene ntchito yawo ndi kumva mavuto a ena: aphungu, anamwino, alangizi a zaumoyo, aphunzitsi, ankhoswe ndi akuluampingo. Funso loyenera kuyenda nalo ndi limodzi: khalidwe limene likuvutitsa leroli, kodi linamutchinjirizapo ku chiyani munthuyu ali mwana?

Zowawa zimene zimawerengedwa

Funso limeneli linabadwira ku San Diego, m'dziko la America. Cha m'ma 1985 dokotala Vincent Felitti ankathandiza anthu onenepa kwambiri kuti achepetse thupi, ndipo chinkamudabwitsa n'chakuti ambiri osiyira panjira anali omwe thupi linkatsika bwino. Atayamba kucheza nawo mmodzimmodzi anapeza kuti ambiri anagwiriridwa ali ana, ndipo kwa ena thupi lalikululo linali linga lowabisa ku maso a amuna. Chimene dokotala ankachiona ngati matenda, mwini wake ankachiona ngati chitetezo.

Felitti anagwirizana ndi Robert Anda wa ku CDC, bungwe la boma la America lolimbana ndi matenda, ndipo pakati pa 1995 ndi 1997 anafunsa anthu oposa 17,000 amene ankalandira chithandizo ku zipatala za Kaiser Permanente. Kafukufukuyu amadziwika ndi dzina loti ACE, chidule cha mawu a Chingerezi otanthauza zowawa za paubwana. Amawerenga mitundu khumi ya zowawa zochitika munthu asanakwanitse zaka 18: kutukwanidwa ndi kunyozedwa kosalekeza, kumenyedwa, kugwiriridwa, kusowa wokukonda, kusowa wokusamalira pa chakudya, zovala ndi kuchipatala, kuona mayi akumenyedwa, kukhala ndi chidakwa kapena wosuta mankhwala ozunguza bongo pakhomo, kukhala ndi wodwala maganizo, kutha kwa banja la makolo, ndi kumangidwa kwa wina wa m'nyumbamo. Mtundu uliwonse umawerengedwa kamodzi, kaya zinachitika tsiku limodzi kaya zaka khumi. Pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse anali ndi mtundu umodzi kapena kuposerapo, ndipo mmodzi mwa asanu ndi atatu anali ndi inayi kapena kuposa. Lipoti loyamba, la mu 1998, linasonyeza kuti a mitundu inayi kupita m'tsogolo ankapezeka ndi uchidakwa kuwirikiza pafupifupi ka 7, ndiponso ankayesa kudzipha kuwirikiza ka 12, poyerekeza ndi amene analibe ndi umodzi womwe.

Koma anthu amene anafunsidwawo ambiri anali opita patali ndi sukulu, okhala ndi inshulansi ya kuchipatala, ndipo mndandandawo ulibe imfa ya kholo, ulibe nkhondo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linakonza mafunso ena otchedwa ACE-IQ, a mitundu 13, omwe anawonjezera kumwalira kwa kholo, kuzunzidwa ndi ana anzako, ziwawa za m'dera ndi nkhondo. Kwa ife amenewa ndiwo oyandikira. Kafukufuku wa nkhanza kwa ana amene anachitika m'Malawi mu 2013 anapeza kuti mtsikana mmodzi mwa asanu ndi mnyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri anachitiridwapo nkhanza zogonana asanafike zaka 18, ndipo pafupifupi anyamata awiri mwa atatu anamenyedwapo. Pofunsa, wonjezerani zimene mukudziwa kuti zimachitika kwanu ngakhale sizili papepala: kuyendetsedwa makomo pambuyo pa maliro a mayi, kulandidwa katundu, kudya pawekha kwa mayi okupeza, kukwatiwitsidwa uli wamng'ono, kunenedwa kuti ndiwe mfiti.

Mbali za khalidwe zimene zimasuntha

Akatswiri a zamaganizo amagawa khalidwe m'mbali zisanu, zomwe amazitchula kuti Big Five. Yoyamba ndi kutekeseka msanga, kutanthauza mtima wosachedwa kuda nkhawa, kukwiya kapena kukhumudwa. Yachiwiri ndi kumvana ndi anthu ndi kuwakhulupirira. Yachitatu ndi kudzigwira ndi kulongosoka pa zochita. Ziwiri zotsalazo ndi kumasuka pagulu ndi kukonda zachilendo. Aliyense ali nazo zonse zisanu, kusiyana kwake ndi mlingo.

Pa kafukufuku wambiri, mbali imene imayenda limodzi ndi zowawa za paubwana mosaphonya ndi yoyambayo: zowawa zikachuluka, kutekeseka kumakwera. Kukhulupirira anthu ndi kudzigwira kumatsikako. Pa kumasuka pagulu ndi kukonda zachilendo zotsatira zimasemphana, ndiye musataye nazo nthawi. Munthu wofatsa, wosakonda zolankhulalankhula pamaliro kapena paukwati, si umboni woti anazunzidwa.

Chifukwa chake chili m'thupi momwe. Muubongo muli kachigawo kotchedwa amygdala, kamene ntchito yake ili ngati ya mlonda. Kakaona choopsa, thupi limatulutsa mahomoni a adrenaline ndi cortisol, mtima umathamanga, minofu imakungika. Mwana wokulira m'nyumba imene bambo amabwera ataledzera amaphunzira kumva kuledzerako pa kayendedwe, chitseko chisanatsegulidwe. Seth Pollak wa ku yunivesite ya Wisconsin anaonetsa ana zithunzi za nkhope zimene zinkayamba zili mbuu, n'kumaoneka bwino pang'onopang'ono. Ana amene anamenyedwapo kwawo ankazindikira nkhope yokwiya msanga kuposa anzawo, chithunzi chisanayere. Kunyumba luso limeneli limapulumutsa. Vuto limabwera mwanayo atakula: abwana akangokwinya nkhope chifukwa cha mutu wowawa, iye waona kale mkwiyo, ndipo wayamba kudziteteza pamene palibe womuputa.

Kudzigwira nako kumaphunziridwa. Ku yunivesite ya Rochester, Celeste Kidd ndi anzake anatenga ana 28 a zaka zitatu mpaka zisanu n'kuwalonjeza zojambulira zabwino akadikira. Theka linapatsidwadi, theka linauzidwa kuti pepani kulibe. Kenako aliyense anamuikira switi patsogolo n'kumuuza kuti akapirira osadya alandira ziwiri. Amene lonjezo lawo linasungidwa anadikira pafupifupi mphindi 12. Onamizidwa aja anadikira zitatu zokha. Lonjezo lophwanyidwa tsiku limodzi lokha linachita zimenezi, nanga zaka khumi? Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo mwana amene ndalama yake ya fizi inathera ku kachasu kangapo mwambi umenewu amaudziwa asanaumve. Akakula n'kumadya malipiro tsiku lolandira, timati ndi wosaganiza za mawa, pamene iye anaphunzira kuti chosunga chimalandidwa.

Zimenezi ndi zoona pa gulu lalikulu, koma kusunthako si kwakukulu, ndipo munthu mmodzi atha kupita mbali ina. Mwana wamkazi woyamba amene analera abale ake mayi akudwala nthawi zambiri sakhala wotayirira: amakhala wolongosoka mopitirira, wosatha kupuma, wosatha kutuma mnzake. Mwana amene anapeza kuti kuvomera msanga kumafupikitsa chikwapu amakula ali wosakana kanthu. Papepala la mafunso ameneyu amaoneka womvana ndi anthu kwambiri. Mufunseni tsiku lomaliza limene anakana pempho la munthu, ndi chimene anamva m'mimba atakana.

Yambani ndi za lero

Musayambe ndi ubwana. Yambani ndi khalidwe limodzi limene lamubweretsa, ndipo lilembedwe monga mmene woonerera akanalionera. "Ndi wamwano" sizithandiza. "Akadzudzulidwa pamaso pa anthu amakweza mawu n'kutuluka, sabwera mpaka mawa" ndiye chogwirika.

Mupatseni kope, tsamba lililonse aligawe zigawo zinayi, ndipo alembe kwa masabata awiri. M'chigawo choyamba tsiku, nthawi ndi amene analipo. M'chachiwiri chimene chinachitika kutangotsala pang'ono kuti alusa kapena achite mantha: mawu ake enieni, kamvekedwe kake, fungo, malo. M'chachitatu chimene thupi linamva, monga mtima kugunda, thukuta m'manja, kubanika pakhosi, ndi mphamvu yake kuyambira 0 mpaka 10. M'chomaliza chimene anachita ndi mphindi zimene zinadutsa kuti mtima ukhale pansi. Alembe tsiku lomwelo asanagone, chifukwa zolemba pakutha pa sabata zimakhala nkhani yokonzedwa kale. Wosatha kulemba aponye nyemba m'chitini nthawi iliyonse zikachitika, ndipo muonane naye kawiri pa sabata kuti mulembe inu. Masabata awiri ndi ochepetsetsa. Masiku atatu amangokuonetsani mkangano umodzi, osati chizolowezi.

Mukawerenga, funani chobwerezabwereza. Nthawi zambiri chimakhala chopapatiza kuposa mmene banja limanenera. Munthu amene amati amakwiya ndi chilichonse mumapeza kuti amakwiya akasekedwa, kapena mkazi akachedwa osaimba foni, kapena pa nthawi ya chakudya basi.

Kufunsa za ubwana

Izi ndi za munthu wamkulu amene wavomera yekha. Pezani malo amene wodutsa sangamve, munthuyo akhale mbali ya kuchitseko ndipo chitsekocho chisakhomedwe. Mwamuna wake, mkazi wake kapena mbale asakhalepo, chifukwa wolakwayo atha kukhala wa m'banja lomwelo. Muuzeni poyamba kuti ali ndi ufulu wodumpha funso lililonse, ndipo muuzeninso pomwe chinsinsi chimathera: ngati pali mwana amene akuzunzidwa panopa, kapena moyo wa munthu uli pangozi, mudzayenera kuuza ena. Mukanena zimenezi pambuyo poti waulula, amaona kuti mwamutchera msampha, ndipo mwamutsimikizira chimene ankakhulupirira kale, kuti anthu ndi osadalirika.

Patulani mphindi 45 mpaka 60, ndipo mphindi 15 zomaliza zisakhale za mafunso. Yambani ndi zopepuka: anakulira kuti, analeredwa ndi ndani, anasamuka kangati, m'nyumbamo munali womwa mowa kapena wodwala. Kenako kutukwanidwa, kumenyedwa, kusowa chisamaliro. Zogonana zikhale kumapeto.

Kafunsidwe ndiye pamene ambiri amaphonya. Mukafunsa kuti "Munachitiridwapo nkhanza?" ambiri amati ayi, chifukwa kwa iwo kukwapulidwa kunali mwambo ndipo amene ankawakwapulayo ndi amene anawaphunzitsa sukulu. Funsani zochitika: "Mukalakwa ankakulangani bwanji? Ndi chiyani? Zinkasiya bala? Munagonapo ndi njala ngati chilango?" Pa zogonana: "Kodi munthu wamkulu, kapena wokuposani ndi zaka zisanu, anakugwiranipo malo obisika kapena kukukakamizani kuti mumugwire?" Akavomera, musafunse tsatanetsatane, musadzidzimuke, musafunse chifukwa chimene sanakuwire. Nenani kuti mwamva, kuti silinali vuto lake, ndipo khalani chete pang'ono.

Kwa amene mafunso otsatizana amamuumitsa pakamwa, gwiritsani ntchito chingwe. Njirayi ndi ya mu chithandizo chotchedwa Narrative Exposure Therapy, chimene chinagwiritsidwa ntchito pakati pa othawa nkhondo ku Uganda. Yalani chingwe pamphasa, nsonga ina ikhale kubadwa, inayo ikhale yokulunga, kuimira zaka zimene zikubwera. Munthuyo aike mwala pa chowawa chilichonse ndi duwa pa chokoma chilichonse, n'kupatsa chilichonse dzina lalifupi ndi msinkhu. Ngati simunaphunzitsidwe chithandizochi, lekezani pa kuyala ndi kutchula mayina. Kulowa mkati mwa mwala uliwonse ndi ntchito ya wophunzitsidwa chithandizochi.

Pa mwala uliwonse lembani zinthu zinayi, zomwe chiwerengero cha ACE sichisunga: anali ndi zaka zingati, zinatenga nthawi yaitali bwanji, anachita ndi ndani, ndipo ndani anadziwa n'kuchitapo kanthu. Chachinayichi musachidumphe. Emmy Werner anatsatira ana 698 obadwa mu 1955 pachilumba cha Kauai ku Hawaii mpaka atakula. Mwa amene anabadwira m'mavuto aakulu, mmodzi mwa atatu anakula bwinobwino, ndipo chimene chinkaonekera mwa iwo n'chakuti anali ndi wamkulu mmodzi wowagwira dzanja, kaya gogo, azakhali, mphunzitsi kapena mnansi. Funsani kuti: "Zikavuta munkathawira kwa ndani?" Yankho loti "kwa agogo" ndi yankho loti "palibe" ndi anthu awiri osiyana, ngakhale miyala yawo itafanana.

Munthu akayamba kunjenjemera, kupuma mobanika kapena kungoyang'ana malo amodzi ngati wachoka, siyani mafunso pomwepo. Mutchuleni dzina, aponde pansi ndi mapazi onse, atchule zinthu zisanu zimene akuona m'chipindamo, anene tsiku la lero, amwe madzi. Musamukhudze osapempha. Asatuluke asanabwerere mwakale, ndipo mudziwe amene akakhale naye usiku umenewo.

Kulumikiza kope ndi chingwe

Tsopano ikani ziwirizi pamodzi. Katie McLaughlin ndi Margaret Sheridan anasonyeza mu 2014 kuti kuphatikiza zowawa zonse m'nambala imodzi kumabisa kusiyana kwa mitundu iwiri, kuopsezedwa ndi kumanidwa. Woopsezedwa, amene anamenyedwa kapena kuona mayi akumenyedwa, amakhala tcheru mopitirira, amakayikira zolinga za anthu, amalusa kapena kuthawa msanga. Womanidwa, amene panalibe womulankhula, womunyamula kapena womuphunzitsa, vuto lake limaonekera pa kutchera khutu, kukonza zochita motsatana, ndi kudziwa chimene mtima wake ukumva. Ku Bucharest, m'dziko la Romania, ofufuza anatsatira ana 136 a m'nyumba za ana amasiye, ndipo amene anapatsidwa mabanja owalera asanakwanitse zaka ziwiri anachita bwino pa nzeru ndi pa kukondana ndi owalera kuposa amene anachedwa. Ambiri amene mudzakumana nawo ali ndi zonse ziwiri, koma chimodzi chimakhala chikutsogola, ndipo chimenecho ndicho chikuuzeni poyambira.

Musanene kuti khalidwe lachokera ku mwala wakutiwakuti musanayese zinthu zitatu. Choyamba, kodi choyambitsa cha m'kope chikufanana ndi cha pachingwe? Amene ankasekedwa ndi bambo omupeza pamaso pa alendo, lero n'kumalusa akasekedwa pagulu koma osalusa akabedwa ndalama, ulusi wolumikiza za lero ndi za paubwana ukuoneka. Chachiwiri, kodi khalidweli linalipo mwalawo usanagwe? Funsani, ngati mwini wake walola, wachibale amene anamuona ali wamng'ono. Chachitatu, kodi palibe china cha lero chimene chingafotokoze zonsezi? Mowa, chamba, kusagona, ululu wosatha, ngongole ya katapila, matenda a khunyu, kuvulala m'mutu, chithokomiro chogwira ntchito mopitirira, ndi matenda a kukhumudwa zonse zimasintha munthu. Lamulo losavuta ndi ili: khalidwe lochokera ku ubwana limakhala lakalekale. Munthu amene anali wofatsa mpaka chaka chatha n'kusintha mwadzidzidzi ali ndi zaka 45 apite kuchipatala kaye.

Zimene zimalakwika

Cholakwika chofala ndi kusandutsa nambala kukhala ulosi. Munthu wawerenga mitundu isanu ndi umodzi, ndiye mwamuuza kuti adzadwala maganizo. Robert Anda mwini wake analemba mu 2020 kuchenjeza kuti chiwerengerochi chinapangidwira kuyeza magulu a anthu, osati kupima munthu mmodzi. Mu 2021 Jessie Baldwin ndi anzake anayesa pa anthu a ku New Zealand ndi ku Britain amene anatsatiridwa kuyambira ali ana, ndipo anapeza kuti nambalayo inkalosera mofooka kwambiri kuti ndani adzadwala ndi ndani sadzadwala. Wogwiriridwa kwa zaka zisanu ndi malume ake ali ndi 1. Amene makolo ake anasiyana mwamtendere alinso ndi 1.

Chachiwiri n'chobisika, ndipo chimakhudza mutu wa nkhani ino mwachindunji: khalidwe la munthu limasintha mmene amakumbukirira ubwana wake. Baldwin yemweyo mu 2019 anaphatikiza kafukufuku wosiyanasiyana n'kupeza kuti pafupifupi theka la anthu amene zolemba za ali ana zinkasonyeza nkhanza sanazitchule atakula, ndipo oposa theka la amene anazitchula atakula analibe zolemba zotere. Ku Dunedin, m'dziko la New Zealand, kumene ana 1,037 obadwa mu 1972 ndi 1973 akhala akutsatiridwa, zinaoneka kuti otekeseka msanga amakumbukira zowawa zambiri kuposa zimene zinalembedwa, pamene omvana ndi anthu amakumbukira zochepa. Apa sitikunena kuti wina akunama, popeza zolemba nazo zimaphonya zambiri zochitika kuseri kwa chitseko. Tanthauzo lake pa ntchito yanu ndi lakuti "ayi" wa munthu wofatsa, wokonda kuteteza makolo ake, asakutsekeni maso, ndipo munthu amene ali mkati mwa kukhumudwa mudzamufunsenso akapezako bwino, chifukwa maluwa a pachingwe amawonjezeka.

Chachitatu ndi kuiwala za kumtundu. Kafukufuku wa mapasa amasonyeza kuti pafupifupi 40 pa 100 ya kusiyana kwa makhalidwe pakati pa anthu ndi yotengera kwa makolo. Bambo waukali amapatsa mwana zinthu ziwiri nthawi imodzi, magazi ake ndi chikwapu chake, ndipo palibe mpeni wolekanitsa ziwirizi mwa munthu mmodzi. Choncho ankhoswe aja sanalakwe kotheratu. Analakwa poganiza kuti chobadwa nacho sichisintha, ndi posafunsa chimene chinachikulitsa.

Samalaninso ndi mapepala a mafunso a pa intaneti. Oyesera mbali zisanu zija alipo aatali, monga NEO-PI-R wa mafunso 240, ndi aafupi a mafunso 44 kapena khumi okha, koma anapangidwira anthu odziwerengera okha m'mayiko a azungu. Kafukufuku wa mu 2019 wa Rachid Laajaj ndi anzake anapeza kuti m'mayiko osauka, wina akamawerengera mnzake mafunsowo pamaso, mayankho sagawika bwino m'mbali zisanuzo. Chimodzi mwa zifukwa n'chodziwika kwa aliyense amene anafunsapo gogo mafunso a kalembera: mlendo wonyamula pepala samutsutsa, amangoti eya. Kope la masabata awiri lija limakuuzani zambiri kuposa pepala lomasuliridwa mothamanga.

Pewaninso kumata dzina la matenda. N'zoona kuti odwala matenda a maganizo otchedwa borderline personality disorder, amene amachititsa mtima ndi maubwenzi a munthu kusinthasintha kwambiri, amatchula zowawa za paubwana kuwirikiza pafupifupi ka 14 poyerekeza ndi anthu osadwala, malinga ndi kafukufuku wophatikiza wa mu 2020. Koma ambiri amene anazunzidwa alibe matendawa, ndipo kuwapeza ndi ntchito ya dokotala wa zamaganizo. Pomaliza, kumvetsa gwero si kukhululukira zochita. Mwamuna amene anamenyedwa ali mwana ndipo lero akumenya mkazi wake afunika thandizo, koma chitetezo cha mkaziyo ndi ana chimayamba, ndipo mkaziyo asauzidwe kuti apirire poti mwamuna wake anakula movutika.

Chochita mukapeza ulusi

Fotokozerani munthuyo m'mawu amene sakumuweruza: "Muli mwana, kukhala tcheru kunakupulumutsani. Mlonda ameneyu sanauzidwe kuti munasamuka." Ambiri amayamba kumasuka apa, chifukwa kwa zaka zambiri ankadziona ngati oipa mtima kapena olodzedwa.

Khalidwe limasintha ndithu. Brent Roberts ndi anzake mu 2017 anaphatikiza kafukufuku 207 ndipo anapeza kuti uphungu wa pafupifupi masabata 24 umasintha khalidwe moonekera, makamaka kutekeseka msanga kuja. Ndiye yambirani pamenepo. Aphunzire kupuma mokoka mpweya powerenga mpaka 4 ndi kuutulutsa powerenga mpaka 6, kwa mphindi zisanu, m'mawa ndi madzulo, pamene mtima uli m'malo. Amene amadikira kuti ayese atakwiya kale amabwera kudzanena kuti sizigwira, ndipo sakunama: thupi silingaphunzire chatsopano lili pankhondo. Kuchokera m'kope, apeze chizindikiro choyambirira cha m'thupi, ndipo chikafika pa 5 achoke pamalopo kwa mphindi zosachepera 20. Agwirizane ndi a m'nyumba pasadakhale za mawu amene adzanene pochoka ndi nthawi yobwerera. Akangotuluka osanena kanthu, mnzakeyo amaona ngati wanyanyalidwa n'kumutsatira kunja, ndipo mkangano umakula.

Kwa wovutika kudzigwira, malangizo oti "muzisunga ndalama" ndi mphepo. Lembani naye chochita chimodzi chokhala ndi nthawi ndi malo: "Malipiro akalowa mufoni, ndisanachoke pamalopo nditumiza ya lendi." Chimodzi chokha kwa mwezi, kenako china. Kwa wosakhulupirira anthu, mankhwala oyamba ndinu: fikani pa nthawi imene munanena, musalonjeze chimene simungathe, ndipo mukalephera nenani nokha asanafunse. Yembekezerani kuti adzakuyesani, mwina pojomba kapena pokuputani. Kwa wosakana kanthu, ayambe kukana zazing'ono kwa anthu osaopsa, kamodzi pa sabata, n'kulemba chimene chinachitikadi pambuyo pake.

Kwa mwana njira ndi ina. Musamuyalire chingwe kapena kumupanikiza ndi mafunso. Chimene chimamuthandiza ndi tsiku lodziwika mayendedwe ake: nthawi yofanana ya kudya ndi kugona, kuchenjezedwa zinthu zisanasinthe, malamulo ochepa osasinthasintha, chilango chopanda chikwapu, ndi wamkulu mmodzi wocheza naye yekha mphindi 10 mpaka 15 tsiku lililonse pa chimene mwanayo wasankha. Wobisa chakudya musamulande. Muikireni pamalo amene akudziwa kuti chilipo nthawi zonse, ndipo kubisako kumachepa kokha akakhulupirira kuti mawa kudzadyedwa. Mwana akaulula yekha za nkhanza, lembani mawu ake mmene wanenera, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana m'Malawi, kapena pitani ku ofesi yothandiza ozunzidwa kupolisi. Ngati wagwiriridwa, afike kuchipatala pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV.

Wamkulu mutumizeni kwa odziwa ngati akuganiza zodzipha, akudzicheka, akuona zakale zikubwerera ngati zikuchitika pompano, akulota zoopsa kopitirira mwezi, akumva mawu amene ena sakumva, kapena akumwa tsiku lililonse. Za kudzipha funsani mosazungulira, popeza kufunsa sikuika ganizolo m'mutu mwa munthu. Yambirani pa chipatala cha boma cha m'boma lanu, kumene kumakhala ogwira ntchito za matenda a maganizo. Kupitirira apo kuli chipatala cha Zomba Mental ndi cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Chithandizo cholankhulana chimagwira ngakhale woperekayo si dokotala, bola aphunzitsidwe ndi kuyang'aniridwa: ku Lusaka, pa kafukufuku wa ana 257 wofalitsidwa mu 2015, aphungu wamba ophunzitsidwa TF-CBT, njira ya uphungu wothandiza ana ovutika ndi zowawa zakale, anachepetsa zizindikiro za mantha a zakale ndi pafupifupi 82 pa 100, pamene mwa ana olandira chithandizo cha masiku onse zinatsika ndi 21 pa 100.

Pakatha masabata asanu ndi limodzi, abwerezenso kope kwa masabata awiri, ndipo muyerekeze ndi loyamba. Musayang'ane chiwerengero cha masiku amene analusa chokha, chifukwa chimenecho chimatha kuchedwa kutsika ndipo a m'banja amafulumira kunena kuti palibe chasintha. Yang'anani chigawo chachinayi: ngati poyamba mtima unkakhala pansi patapita maola atatu ndipo tsopano ndi mphindi 40, aonetseni manambala awiriwo. Ngati zigawo zonse zili chimodzimodzi, bwererani ku mayeso atatu aja, makamaka lachitatu, ndipo funsaninso za mowa, tulo, ndi ngati kunyumba kumene akubwerera madzulo kulibe amene akumuopseza panopa.